Bodza la Masitadi Aafupi

Ndinanamiza atate anga, munthu wosaona, pa nkhani ya tizitsulo totalika ngati chala, ndipo lero atatewo sayendanso. Ndayamba ndi mawu amenewa dala kuti ndisapeze pozembera, chifukwa ine ndimadzidziwa. Ndikaipatsa mpata nkhani ndimaikometsa mpaka wolakwa n'kukhala msewu, kapena wogulitsa zitsulo, kapena Satana amene sanagwireko n'komwe sipanala tsiku limenelo. Inu owerenga, makamaka amene manja amakuyabwani mukaona galimoto, ndibwerekeni khutu.

Ndimakhala ku Chinyunyu, m'mphepete mwa msewu waukulu wopita kummawa, ndipo ndili ndi chigayo ndi munda wa chimanga. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma ine ndinakulira kuno. Atate pa unyamata wawo anali makanika pa famu ya mzungu wina chakufupi ndi Chongwe. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kagalimoto kamene ankathamanga nako pa masiku opuma. Kanali kobiriwira, ka mipando iwiri yokha, kamphuno yaitali, denga lake la tenti lopindira kumbuyo, kotsika moti ukakhalamo umaona ngati wakhala pamphasa. Anthu akwathu anakatcha Kansapato.

Maso a atate atayamba kuchita chidima, Kansapato kanalowa m'shedi ndipo kanakhala mmenemo zaka zambiri, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Kenaka maso aja anatheratu, n'kutsala ongosiyanitsa dzuwa ndi mthunzi. Koma musaganize kuti anali nkhalamba yongokhala pakhonde. Ndi ndodo yawo ankapita okha kudimba, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, chifukwa njira zonse zinali m'mapazi mwawo. Pa zotsalazo maso awo ndinali ine. Kalata ikabwera wowerenga ndinali ine, mlendo akatulukira wowanong'oneza dzina lake ndinali ine, ndipo chimene ndanena ine chinali chomwecho. Sankafunsanso munthu wachiwiri.

Chaka china, zokolola zitayenda bwino, ndinaganiza zodzutsa Kansapato. Tinagwira ntchitoyo awiri, iwo manja ndi makutu, ine maso ndi msana. Ankangogwira chitsulo n'kunena dzina lake ndi malo ake. Injini ikalira ankapendeketsa mutu n'kundiuza pulagi imene ikuzemba ntchito. Sindinakhalepo pafupi ndi atate ngati m'miyezi imeneyo, ndipo tsiku limene kagalimotoko kanatuluka m'shedi koyenda kokha, tonse awiri tinaseka ngati ana. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe.

Chinandisokoneza ndi foni. Ndinayamba kuona zithunzi za galimoto zakale ngati yathuyi, eni ake ataziveka matayala akumbuyo otambalala, otuluka pang'ono kunja kwa madigadi, galimoto n'kumaoneka yojintcha, yokhazikika pansi. Ndikabwerera kushedi n'kuyang'ana matayala a Kansapato, owonda ngati a njinga ya moto, mtima unkandiwawa. Anzanga amene timakhala nawo pashopu ya pamsewu masana anasonkhezera moto. Ankati nsapato ndi yabwino, koma miyendo ndi ya nkhuku. Taonani, munthu wa zaka makumi asanu ndi imvi zake, kulola mawu a anthu oti alibe ngakhale wilibala andisowetse mtendere.

Ndinapita ku Lusaka n'kukapeza zitsulo zovekapo matayala zija amati marimu, awiri otambalala, ogwiritsidwapo kale ntchito, a mabowo anayi ofanana ndi athu, ndi matayala ake omwe. Nditamufotokozera wogulitsayo mtundu wa galimoto, anandichenjeza kuti tayala lalikulu chonchi likhoza kumakhula chitsulo cha sipuling'i chamkati. Koma asanamalize n'komwe kundiopseza, mankhwala ake anali atawatulutsa kale pansi pa tebulo.

"Ba mudala, osavutika," anatero. "Ikaniko chabe masipesa aya, vonse vizankhala mushe."

Kwa amene simukuwadziwa, masipesa ndi mbale zachitsulo zochindikala ngati chala, zoboola mabowo. Mumaziika pakati pa rimu ndi habu, chitsulo chija tayala limamangidwapo, kuti tayalalo lisunthire kunja. Vuto lake ndi ili. Pa habu pamatuluka mabawuti otchedwa masitadi, amene manati amagwira pomanga tayala. Mbale ija ikalowa imadya utali wa masitadiwo, ndipo nati imatsala ndi kansonga kokha koti igwire. Zimenezi wogulitsa sananene, inenso sindinafunse.

Nditamanga zonse kunyumba, Kansapato kanakongola, ndisaname. Ndinakazungulira katatu manja ali m'chiuno, kenaka ndinakatenga atate kuti adzaone ndi manja awo. Anagwada pa tayala lakumanzere, anasisita labala, analowetsa dzanja kuseri kwa rimu, n'kundiuza kuti ndimasule nati imodzi. Anaibwezeretsa okha ndi zala akuwerenga mokweza. Itazungulira kanayi inaima. Anaimasula n'kuyambiranso, inaimanso pa kanayi pomwepo. Anandikumbutsa kuti pa matayala akale nati yomweyo inkazungulira kakhumi.

"Nati yozungulira kanayi sinagwire, yangopereka moni," anatero akupukuta manja pa thalauza. "Bwezera matayala akale, kapena upeze masitadi aatali. Usanatero, ine m'menemu sindikweramo."

Tsono kunali ukwati. Mwana wamkazi wa mlongo wanga ankakwatiwa ku Mpanshya patangotsala masabata awiri, ndipo atate, monga mkulu wa banja, ndiwo anali oti akapereke mawu kwa akwati. Ine ndinali nditalengeza kale pashopu, pachigayo ndi pafoni kuti agogo a mkwatibwi adzafika pa Kansapato ka matayala atsopano. Ndinabwereranso ku Lusaka n'kuyenda masiku awiri shopu ndi shopu, koma masitadi aatali a galimoto yakale chonchi sanapezeke. Munthu wina anati akhoza kuwaitanitsa kunja ngati ndingadikire mwezi. Mwezi ndinalibe. Matayala akale anali chitsamire kukhoma la shedi, ntchito ya ola limodzi kuwabwezera, koma ndikaganiza za kuseka kwa anzanga aja ndinkaona ngati bola kufa.

Apa ndi pamene ndikuchita manyazi kwambiri kulemba. Ndinagula sitadi imodzi yaitali ya minibasi, yonenepa mofanana ndi athu, ndi manati asanu ndi atatu onyezimira, otseka kumutu, oti nsonga ya sitadi sioneka ndipo chala sichingaikhudze. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditafika kunyumba ndinaika sitadi ija m'dzanja la atate n'kunena kuti ndapeza onse asanu ndi atatu. Anaiyeza ndi chala, anayendetsa chikhadabo m'mazinga ake, timizere tija nati imayendamo, n'kugwedeza mutu kuti utali wake ndi womwewo ankafuna.

Mawa lake kunali mphepo ya mu Ogasiti, fumbi lili koboo, ndipo atate anali ndi chifuwa, choncho anakhala pakhonde m'malo mobwera kushedi. Kusintha masitadi kumafuna kugogoda akale ndi hamala kuti atuluke, ndipo ndinkadziwa kuti makutu awo akudikira phokoso limenelo. Ndinatenga khasu la pulawo lakutha, ndinaliika pamwala, n'kuyamba kulimenya. Ndinkamenya kasanu n'kupuma, ngati munthu amene watulutsa imodzi ndipo akuyang'ana inzake. Ali pakhonde pomwepo anakuwa kundilangiza kuti atsopanowo ndisawamenye pa mazinga, ine n'kuyankha kuti ndamva.

Mkazi wanga, amake Tisa, anabwera ndi kapu ya munkoyo, thobwa lathu lakuno, n'kupeza galimoto ili chiimire ndi matayala ake onse, mwamuna wawo atakhala pansi akumenya khasu. Anayang'ana khasulo, anayang'ana kukhonde. Kenaka anafunsa chapansipansi.

"Atate ake Tisa, mukunamiza ndani, apongozi kapena galimoto?"

Ndinawayankha mwaukali kuti za zitsulo si zawo, kuti ndi ulendo umodzi wokha, masitadi enieni ndiitanitsa ukwati ukatha. Anaika kapu pansi n'kuchoka. Munkoyo uja sindinaumwe.

Kenaka ndinachita zimene timaona okonza matayala m'mbali mwa msewu akuchita tsiku ndi tsiku. Nditaika manati atsopano aja pa masitadi akale omwewo, ndinalowetsa paipi yaitali pa sipanala, ndinakwera pa paipiyo ndi mapazi onse awiri, n'kumadumphadumpha mpaka nati iliyonse italira. Mumtima ndinkati chimene chaperewera pa utali ndachikwaniritsa ndi mphamvu. Sindinadziwe kuti timazinga tinayi tija ndikutiphwanya ndekha galimoto isanayende n'komwe. Atate atabwera mphepo itachepa, anasisita manati osalala aja, anayesa sipanala koma sinasunthe, ndipo anandifunsa kuti azungulira kangati. Ndinati kakhumi. Anangondidzudzula pang'ono kuti ndalimbitsa mopitirira, n'kundigwira paphewa.

Tsiku la ukwati amake Tisa ndi ana anatsogola pa minibasi. Ife tinanyamuka dzuwa litangotuluka, denga titapindira kumbuyo, atate atavala suti yawo yakuda ndi chipewa chimene anachigwira ndi dzanja njira yonse kuopa mphepo. Podutsa pashopu anzanga aja anaimba mluzu, ine mutu n'kukula. Sindinawaonepo atate okondwa chotero. Ankanunkhiza mpweya n'kunena kuti tadutsa pamene akuotcha makala, ankamvetsera injini pachitunda n'kundiuza nthawi yosintha giya, ankandibwerezera mawu amene akonzera mdzukulu wawo kuti ndimve ngati akukoma. Ndinayamba kukhulupirira kuti bodza langa ladutsa bwinobwino.

Titalowa m'mapiri, pamene msewu umayamba kukhotakhota, anadula nkhani pakati n'kutembenuzira khutu kumbuyo. Anati akumva kugogoda ku tayala lakumanzere, ndiime. Inenso ndinali nditakumva, ndipo galimoto inali itayamba kunjenjemera pang'ono. Inu owerenga, apa Mulungu anandipatsa mpata womaliza, ndipo ndinaukana ndi maso anga ali penye. Ndinadziwa kuti ndikaima atsika, afuna nati m'manja, ndipo awerenga. Ndinawauza kuti ndi jeke yonyamulira galimoto yomwe ndangoiponya m'buti osaimanga. Anati ngati ndi jeke palibe kanthu.

Sitinayende mtunda wautali. Pa kona yokhotera kumanja, potsetsereka, ndinamva phokoso ngati la mfuti, galimoto inagwera mbali ya atate, ndipo ndinaona tayala langa lokongola lija likutipitirira lokha kulowera kuthengo. Chitsulo chinakhula tala, kagalimoto kanazungulira n'kukamenya khoma la kalavati, kamlatho kodutsira madzi a mvula, ndi chitseko chakumanzere. Ine ndinatuluka ndi bala pamphumi basi. Atate anapanikizika pakati pa chitseko ndi mpando, ndipo titawatulutsa mwendo wawo wakumanzere unali utagonera kumbali mosakhala bwino.

Anathamangira kudzatithandiza ndi amayi ogulitsa makala pafupi pomwepo, ndi dalaivala wa lole amene ankabwera kumbuyo kwathu. Titawagoneka atate pachitenje pamthunzi, dalaivalayo anapita kukayang'ana habu. Anatola nati imodzi pamsewu, anasuzumira m'kati mwake, n'kulankhula mokweza, osadziwa kuti womangayo waima pambali pake.

"Nindani anamanga ivi? Masitadi yafupi so, na sipesa futi? Uyu muntu enze kufuna kupaya bantu."

Atate anali akubuula, koma atamva mawu amenewo anasiya. Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima. Maso aja saona, koma ndinalephera kuwayang'ana. Sananene kanthu pamenepo, sananene kanthu pa lole imene inatitengera kuchipatala, ndipo sananene kanthu madokotala atatiuza kuti fupa la m'chiuno lathyoka moipa, ndipo pa msinkhu wawo kulumikizana bwino n'kokayikitsa. Ukwati unachitika popanda mawu a agogo. Mlongo wanga anabwera kuchipatala atavala zaukwati zomwezo, ndipo zimene anandiuza pakhomo la wodi sindingazilembe pano, koma zonse zinali zoona.

Tsiku lachitatu ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, za sitadi ya minibasi, za khasu la pulawo, za jeke. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinkalakalaka atatero. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anayankha ndi mawu otsika.

"Hamala ija ndinaimva. Ndinakhala pakhonde paja ndikunyadira kuti mwana wanga wandimvera."

Ndinalira pamaso pa odwala onse a m'wodimo, ndipo panalibe wonditonthoza, poti sindinali woyenera kutonthozedwa.

Anatuluka m'chipatala patapita masabata ambiri, koma mwendo sunabwerere. Munthu amene ankazungulira yekha mudzi wonse tsopano amadikira kunyamulidwa kuchoka pabedi kupita pampando. Dimba lawo timalima ife, iwo sanalipondenso. Kansapato tinakakoka ndi thirakitala n'kukaika pa njerwa m'shedi, ndipo abwera anthu angapo ochokera ku Lusaka kudzakafuna, koma si kanga koti ndigulitse, ndipo kufunsa mwini wake ndilibe nako pakamwa. Anzanga a pashopu aja lero ndiwo akatswiri. Aliyense akuti anadziwa kale kuti matayala amene aja adzapha munthu. Ndimangowadutsa, chifukwa ngakhale amandikwiyitsa, amene anakwera pa paipi ndi ine.

Inu owerenga, sindikunena kuti matayala otambalala ndi tchimo. Odziwa ntchito amawaika ndipo amayenda bwino. Koma mukaika sipesa, tengani nati ndi zala zanu muwerenge kuti ikuzungulira kangati, ndipo ngati yachepa poyerekeza ndi kale musadzinyenge, pezani masitadi aatali ngakhale kudikira kwake kukhale kwa chaka. Ndinamvanso pambuyo pake kuti mbaleyo iyenera kukhala yogwira pa habu, osati yogwedera ngati zanga zija. Paipi ija isiyeni, sitadi yaifupi sitalika chifukwa mwaidumphira. Mukangoyenda pang'ono imani muyesenso manati, ndipo mukamva kugogoda kumbuyo imani pomwepo, ngakhale mkwati akudikira inu. Kuthamanga sikufika.

Koma si za zitsulo zokha zimene zandigwiritsa cholembera. Atate anandiuza kuti anandikhululukira, ndipo ndimakhulupirira, chifukwa iwo sanama. Amalola ndiwanyamule, ndiwasambitse, ndiwamete ndevu. Timacheza, nthawi zina mpaka kuseka, moti ndinayamba kuganiza kuti pakati pathu zinthu zabwerera mwakale.

Mvula yoyamba itagwa chaka chino, ndinachokera kumunda n'kuwapeza pampando wawo pakhonde. Ndinawauza mokondwa kuti chimanga chamera bwino, mizere yonse yatuluka, palibe pofuna kubzalanso. Anati zikomo. Ndinalowa m'nyumba kukavula majombo, ndipo amake Tisa ankadutsa pabwalo ndi ndowa. Pa mwambo wakwathu mkazi sacheza ndi apongozi ake aamuna, amapereka moni atagwada chapatali n'kupitirira, ndipo atate mwambo umenewo anausunga zaka zonse za ukwati wathu. Koma ndili chikhalire pabedi, jombo imodzi ili kuphazi, ndinamva atate akuitana mkazi wanga motsitsa mawu, poganiza kuti ndapita kutali.

"Apongozi, pepani. Kodi n'zoona kuti chimanga chamera?"

Ndinamva ndowa ikuikidwa pansi, ndinamva mkazi wanga akuyankha kuti inde, chamera. Apo m'pamene atate anati tithokoze Mulungu.

Ngati pali munthu amene amaonera dziko m'maso mwanu, kaya ndi kholo, kaya ndi mwana, kaya ndi amene wakhala pampando wa pambali panu m'galimoto, musamunamize ngakhale pa kanthu kochepa ngati nati. Tsiku lina mudzamuuza zoona, adzakuthokozani, ndipo mukangotembenuka adzakafunsa kwina.